Amayi anga, mopu, ndi nkhani ya ku Reitz ija

Amayi anga anagwira ntchito yokolopa muhositelo ya anyamata kwa zaka zambiri, pa koleji ina yomwe sinditchula dzina, ndipo fizi yanga yonse ya kusekondale inachokera ku mopu ndi ndowa imeneyo. Nde mukamaona kuti nkhani ya ku Bloemfontein, ya vidiyo yonyoza makilina a pa yunivesite, ndimayitengera pamtima ngati inachitikira pakhomo pathu, chifukwa chake nchimenecho. Sabata yathayi mnzanga wina wa kutchalitchi amalankhula za chisomo nkupereka chitsanzo cha pulofesa Jonathan Jansen, amene anali mkulu wa yunivesiteyo, kuti taonani mtsogoleri amene anakhululukira ana olakwa, ndipo ine ndinangoti zii chifukwa mumtima mwanga munali zambiri zoti sizikanatheka kuzinena pa mphindi ziwiri titaima pageti. Nde ndati ndizilembe pano.

Kwa amene simukuyidziwa nkhaniyi. Mu February 2008 panatuluka vidiyo yomwe anajambula anyamata anayi achizungu a pa University of the Free State, ya mumzinda wa Bloemfontein ku South Africa, omwe ankakhala muhositelo ya Reitz. Anaijambula chaka cha 2007 kuti akaonetse anzawo pa zisangalalo za muhositelo momwemo. Muvidiyomo munali anthu akuda asanu ogwira ntchito pa yunivesiteyo, azimayi anayi ndi bambo mmodzi, anthu akuluakulu oti anyamatawo akanatha kuwatcha amayi kapena bambo. Anawathamangitsa mpikisano, kuwavinitsa, kuwamwetsa mowa, kenako kuwagwaditsa pansi nkuwapatsa chakudya chomwe mnyamata mmodzi amaoneka ngati wakodzeramo, mpaka ena kumasanza mundowa. Anyamatawo pambuyo pake anati zokodzazo zinali zongoyerekeza, sunali mkodzo weniweni. Kaya. Kwa ine zimenezo sizisintha kanthu kwenikweni, chifukwa cholinga cha vidiyoyo chinalembedwa poyera kumapeto kwake, kuti umu ndi mmene iwo akuonera nkhani yosakaniza mitundu mmahositelo.

Ine nthawi imeneyo ndinali ku Joni, ndikugwira ntchito mushopu, ndipo ndinaionera pa TV ya kuchipinda komwe tinkachita lendi anthu anayi. Sindinamalize kuonera. Mayi mmodzi muvidiyomo anali ndi kaimidwe ka amayi anga, kaja kopindika pang'ono msana chifukwa chowerama tsiku ndi tsiku. Ndinatuluka panja. Patangotha miyezi itatu, mu May, kunabuka zipolowe zija zothamangitsa ife obwera, anthu oposa 60 anafa, ambiri a kwathu anakwera mabasi kubwerera opanda kanthu mmanja, nde nkhani ya Reitz inakhala ngati yakwiririka kwa ife, koma mwa ine siinachoke.

Kuti mumvetse, yunivesite imeneyi inayamba mu 1904 ndipo kwa zaka zambirimbiri inali ya azungu olankhula chiAfrikaans basi. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 anayamba kuphunzitsa mzilankhulo ziwiri, kalasi ya chiAfrikaans payokha ya Chingerezi payokha, ndipo zomwe zinachitika nzoti azungu ambiri amapita kwinaku akuda kwinaku, phunziro lomwelo, mphunzitsi mwina yemweyo, koma osakumana. Kumahositelo chimodzimodzi, kunali odziwika kuti awa ndi a azungu awa ndi a akuda. Mu 2007 akuluakulu a yunivesite anagamula kuti basi, ongoyamba kumene azisakanizidwa, ndipo vidiyo ija inali yankho la anyamata a ku Reitz pa chigamulo chimenecho. Chomwe chimandiwawa nchoti mkwiyo wawo unali kwa mabwana amene anapanga lamulo koma amene anagwaditsidwa pansi ndi makilina, anthu oti pamisonkhano ya khonsolo ya yunivesite samalowako nkomwe kupatula kukakonza matebulo ndi kutsuka makapu.

Vidiyo itatuluka kampasi inayaka moto, zionetsero, apolisi, makalasi kuimitsidwa. Reitz anaitseka chaka chomwecho. Mkulu wa yunivesite wa nthawiyo, Frederick Fourie, anatula pansi udindo. Nduna ya zamaphunziro Naledi Pandor inakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi pulofesa Crain Soudien kuti ifufuze mayunivesite onse a dzikolo, ndipo lipoti lake linapeza kuti tsankho la mtundu ndi kupondereza amayi zinali ponseponse, Free State sinali yokha ayi.

Apa mpomwe Jansen akulowera. Anayamba ntchito pakati pa chaka cha 2009, munthu woyamba wosakhala mzungu kutsogolera yunivesiteyo. Anakulira ku Cape Flats, dera lomwe boma la tsankho linkatayako anthu omwe lawachotsa mmalo abwino a Cape Town, anayamba ngati mphunzitsi wa biology kusekondale, kenako anakaphunzira ku Cornell ndi ku Stanford ku America. Asanabwere ku Free State anakhala zaka zingapo akutsogolera nthambi ya zauphunzitsi ku University of Pretoria, komwe ana ambiri anali achizungu olankhula chiAfrikaans, nde amawadziwa, amadya nawo, amafika mmakomo mwawo. Funso lomwe linkamuvutitsa, mpaka analembapo buku la Knowledge in the Blood, linali loti zimatheka bwanji mwana woti apartheid, ulamuliro wa tsankho uja, sanaione ndi maso ake nkumalankhula ndi kuchita ngati anali pomwepo. Anyamata a ku Reitz aja mu 1994 anali ana a kupulayimale. Yankho lake linali loti amazitengera patebulo podya, kutchalitchi, kusukulu, kubwalo la rugby, kulikonse akumva nkhani imodzimodzi ndipo palibe wowauza mbali ina. Paja m'mera mpoyamba.

Pa 16 October 2009, tsiku lomulonga ufumu titero, anaima pamaso pa khamu nkunena zomwe anthu samayembekezera. Anati vuto si anyamata anayi okha, vuto ndi nyumba yomwe inawalera nkuwalola kuganiza kuti zoterozo nzoseketsa, ndipo yunivesiteyo ikuvomera kulakwa kwake. Anapepesa. Kenako anati yunivesite ikuchotsa milandu yake pa anyamatawo, ngati akufuna kubwerera kudzaphunzira khomo ndi lotsegula, ndipo ogwira ntchito asanu aja apatsidwa chipepeso. Mlandu wa kukhoti sanaukhudze, umenewo sunali mmanja mwake, unapitirira.

Dziko linagawikana pomwepo. A Desmond Tutu anamuyamikira poyera. Chipani cha ANC, mabungwe a ogwira ntchito, ana asukulu ambiri akuda, ngakhale nduna ya maphunziro apamwamba Blade Nzimande, onse anakwiya, ena mpaka kumati achoke. Chodabwitsa nchoti Julius Malema, amene nthawiyo ankatsogolera achinyamata a ANC, anapita kukakumana naye ndipo potuluka ananena kuti Jansen ndi wathu asachotsedwe. Ine ndinali mgulu la okwiya, ndisaname. Ndipo funso langa linali limodzi lomwe anthu ambiri ankafunsanso: amayi aja anawafunsa?

Ndikuuzeni chifukwa chake funso limeneli limandigwira pakhosi. Tsiku lina ndili Fomu 2 amayi anabwera kunyumba osalankhula, anaphika, sanadye. Patapita masiku mpomwe ndinamva akuuza achemwali awo. Mnyamata wina muhositelo muja anali ndi chizolowezi chokodzera mubotolo usiku poopa kuyenda kupita kutoileti, nde mmawa umenewo amayi atangomaliza kukolopa khonde iye anatsegula chitseko nkukhuthulira botolo lija pansi, iwo ali pomwepo, ndipo atamufunsa kuti mwananga bwanji, anayankha kuti si ntchito yanu kodi, mumalandirira chani. Anzake anaseka. Amayi anakanena kwa oyang'anira hositelo, bambo wabwinobwino ndithu wopemphera, ndipo bamboyo anamuitana mnyamatayo kuofesi, anakambirana awiri chitseko chotseka, kenako anatuluka nkuwauza amayi kuti mayi nkhani ija yatha, tamukhululukira, ndi mwana ndipo mayeso ali pafupi tisamuonongere tsogolo. Tamukhululukira. Ndani? Amayi sanafunsidwe kanthu, mnyamatayo sanabwere kudzanena olo liwu limodzi, ndipo anapitiriza kukolopa pakhomo pa chipinda chake mpaka anamaliza maphunziro nkumapita.

Nde nditamva za Jansen ndinaona bambo uja wa kuofesi, kungoti uyu wavala gauni ndipo akulankhula Chingerezi chabwino.

Zaka zapitapo ndipo maganizo anga asuntha, osati onse koma asuntha. Pali chinthu chimodzi chomwe Jansen anachita chomwe bambo wa kuhositelo kwa amayi sanachite, ndipo ndi chachikulu. Anati mlanduwu ndi wathu. Taganizani, munthu wangofika kumene, vidiyo inajambulidwa iye kulibe, iye mwini ndi wakuda woti tsankho analilawa, akanatha kungoti awa ndi mavuto a amene analipo kale, anyamata anayi achotsedwa, hositelo yatsekedwa, tiyeni tipite chitsogolo. Anthu akanamuombera mmanja. Koma kuchotsa anayiwo nkusiya zonse mmene zinalili kukanakhala kudzinamiza, chifukwa vidiyo ija inaonetsedwa kwa anzawo muhositelo ndipo panadutsa miyezi isanatuluke kunja, kutanthauza kuti panali maso ambiri amene anaiona osaona cholakwika. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Jansen anavomera kupotedwa ndi nkhuyu zoti sanadye, ndipo ine pamenepo ndimamupatsa ulemu ndi mtima wonse. Atsogoleri ambiri akalowa pampando chinthu choyamba ndi kuloza chala amene achoka.

Komanso ndinazindikira kuti akanangowataya anyamatawo, azungu a pakampasipo akanangoti mwaona, watsopanoyu wabwera kudzabwezera, nkudzitsekera mkati kuposa kale. Iye amafuna ana a mbali zonse akhale ake. Zimenezo nzovuta kuzimva ukakhala kuti wopwetekedwayo ndi wako, koma ndi zoona.

Pomwe sindinasunthe mpoti Jansen anayamba ndi kumapeto. Kwathu mlandu ukafika pabwalo, kaya kwa amfumu kaya kwa ankhoswe, wolakwiridwa amayamba ndiye kulankhula, amanena zonse mpaka mtima utsike, wolakwa amavomera pamaso pa anthu, amapereka nkhuku kapena mbuzi, ndipo mawu oti ndakhululuka amachokera pakamwa pa mwini bala. Amfumu ntchito yawo ndi kukhazika anthu pansi ndi kuonetsetsa kuti wamng'ono asaponderezedwe. Sanganene kuti takukhululukira mwini wake ali chete pamphasa. Jansen anali ndi ufulu wochotsa milandu ya yunivesite, imeneyo inali yake, koma mmene zinamvekera kwa anthu zinali ngati chikhululukiro chaperekedwa kale pa maikolofoni anyamatawo asanapepese nkomwe, ndipo amene anagwada pansi aja angomva nawo ngati wina aliyense. Munthu amene wachotsedwa ulemu, chinthu chimodzi chomwe watsala nacho mmanja ndi mphamvu yonena kuti ndakhululuka kapena sindinakonzeke. Ukamulanda chimenechonso, olo ndi mtima wabwino, wamuchepetsa kachiwiri. Phokoso litakula Jansen anavomera kutsegulanso zokambirana ndi magulu onse, ndipo ndimaona kuti kumeneko kunali kudzichepetsa kwenikweni, kungoti kukanabwera poyamba.

Mlandu suola. Mu July 2010 anyamata anayiwo anavomera kukhoti la ku Bloemfontein mlandu womwe malamulo akumeneko amautcha crimen injuria, kunena kuti kunyoza ulemu wa munthu mwadala, ndipo aliyense analamulidwa kulipira R20,000 kapena kukakhala kundende miyezi 12, ngakhale pambuyo pake khoti lalikulu linachepetsa ndalamazo atachita apilo. Koma tsiku lomwe ine ndimaliwerengera ndi la mu February 2011. Bungwe loona za ufulu wa anthu la dzikolo, South African Human Rights Commission, linakhala pakati, ogwira ntchito asanu aja ndi anyamatawo anakumana kaye paokha maso ndi maso kopanda makamera, kenako pamwambo wa poyera yunivesite inapepesa, anyamatawo anapepesa, ndipo eni ake analandira chipepesocho ndi pakamwa pawo. Mgwirizano wake unalinso ndi zoti yunivesite iwathandize kuyambitsa kampani yawoyawo. Panadutsa zaka zitatu kuchokera pomwe vidiyo inatuluka, chaka ndi miyezi inayi kuchokera pa mawu a Jansen aja. Anthu akamanena za chisomo cha ku Free State amatchula pulofesa, koma amene anapereka chinthu chodula kwambiri pa nkhani yonseyi ndi azimayi anayi ndi bambo mmodzi aja, oti nkhope zawo dziko lonse linaziona ali chogwada, ana awo ndi aneba awo anaziona, ndipo anayang'anabe anyamatawo kumaso nkuwamasula.

Mwina wina anganene kuti popanda Jansen kuyamba mwa njira yake ija tsiku limeneli silikanafika. Mwina. Ndimaganiza kuti anatsegula chitseko chomwe ambiri amafuna chikhale chotseka, kungoti anakankha anthu ena ali kuseri kwake.

Zaka zotsatira anagwira ntchito, zimenezo palibe angatsutse. Mahositelo anasakanizidwa. Jansen ankakhala panja pakampasi kuti mwana aliyense wofuna kulankhula naye angobwera osadutsa kwa sekilitale. Anayambitsa pulogalamu ya No Student Hungry atazindikira kuti pali ana amene amalowa mkalasi ndi njala, anayambitsa phunziro la UFS101 loti aliyense wa chaka choyamba adutsemo, ndipo magulu a ana akuda ndi achizungu ankatumizidwa limodzi kumayunivesite akunja kuti akaone mmene ena amakhalira. Kunatsegulidwa nthambi yofufuza za mitundu, kuyanjana ndi chilungamo, kunabwera pulofesa Pumla Gobodo-Madikizela amene anagwirapo ntchito mu Truth and Reconciliation Commission, komiti yomwe inkafufuza nkhanza za nthawi ya tsankho ndi kuyanjanitsa anthu. Mu 2011 Oprah Winfrey anafika kudzalandira digiri yaulemu ndipo dziko lonse linkati taonani malo aja asintha.

Kenako pa 22 February 2016. Inali nyengo ya Fees Must Fall, zionetsero za ana a mmayunivesite zokana kukwera kwa fizi, ndipo ku Free State ana asukulu anagwirizana ndi ogwira ntchito pa nkhani ya outsourcing, kuja koti okolopa, osesa ndi a mmaluwa salembedwa ndi yunivesite koma ndi kampani ina yapadera, malipiro ochepa, zabwino zina zomwe anzawo amalandira iwo osaziona. Madzulo a tsikulo kunali mpira wa rugby wa Varsity Cup pabwalo la Shimla Park, timu ya yunivesite ya Shimlas ikusewera ndi Madibaz, timu ya yunivesite ina, Jansen ali pompo kuonera. Ochita zionetsero, ambiri akuda, analowa mbwalo akuimba nkuimitsa masewero. Oonerera, ambiri achizungu, anatsika nkuyamba kuwamenya, zibakera, mateche, kuwathamangitsa. Ndipo atawatulutsa mpira unapitirira. Chimenechi nchomwe chinandipweteka kuposa zibakerazo, kuti anthu amenyedwa pompano ndipo wina waimba wezulo kuti tiyeni tipitirize. Mawa lake ana asukulu anagwetsa chiboliboli cha C.R. Swart, amene anali pulezidenti wa dzikolo nthawi ya tsankho. Miyezi ingapo pambuyo pake Jansen analengeza kuti akuchoka, ndipo mu 2017 Francis Petersen ndi amene analowa mmalo mwake. Chaka chomwecho cha 2016 yunivesite inasankha Chingerezi kukhala chilankhulo chachikulu chophunzitsira, nkhani inafika mpaka ku Constitutional Court, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, komwe yunivesite inapambana mu December 2017.

Ena anati Shimla Park yaonetsa kuti zonse za Jansen zinali zopaka utoto pakhoma long'aluka. Ine sindikuvomera mpaka pamenepo. Anthu naini aja anayanjanadi, ndipo pali ana ambiri amene anagona chipinda chimodzi ndi munthu wa mtundu wina koyamba mmoyo wawo chifukwa cha iye, zimenezo sizifufutika ndi usiku umodzi. Koma taonani amene anali pakati pa nkhani mu 2008 ndi amene anali pakati pa nkhani mu 2016. Ndi omwewo, ogwira mopu ndi tsache. Zaka zisanu ndi zitatu za misonkhano ya kuyanjana, alendo otchuka, maphunziro atsopano, koma funso loti wokolopa amalandira zingati ndipo bwana wake ndani linadikira mpaka anthu atalowa mbwalo la mpira. Ana a sukulu anaphunzitsidwa kukhalira limodzi, pomwe amene amatsuka matoileti awo anatsala panja pa mpanda wa chiyanjanocho.

Mawu oti chisomo ndimawakonda, ndinakulira mu kwaya ndipo ndikudziwa kuti tanthauzo lake ndi kulandira chomwe sunayenere. Sindikufuna dziko loti mwana akalakwa ali ndi zaka 22 ndiye kuti basi moyo wake watha. Mnyamata uja wa botolo sindinafunepo kuti achotsedwe sukulu, amayinso sanafune zimenezo. Amafuna abwere, aime pakhomo, anene kuti amayi ndinalakwa. Zikanatenga mphindi imodzi ndipo ndikuwadziwa amayi anga, akanamuuza kuti pita mwananga ukalembe mayeso bwino. Bambo wa kuofesi uja anawalanda mpata umenewo poganiza kuti akuchita zachifundo, ndipo mnyamatayonso anamulanda mpata wophunzira kuti munthu wogwira mopu amapepesedwa.

Loweruka ndinawaimbira amayi pa WhatsApp, pano anapuma ntchito ali kumudzi, maondo amawavuta. Ndinawafotokozera nkhani yonseyi koyamba, zaka zonsezi ndinali ndisanawauzepo chifukwa ndimaopa kuwakumbutsa zakale. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, netiweki ikudukaduka. Za pulofesa sanafunse, za Oprah sanafunse. Anangoti, nde anyamatawo anabwera okha kudzaonana ndi azimayiwo? Ndinati eya amayi, anakumana, patatha zaka zitatu. Anakhala chete kanthawi mpaka ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anati zaka zitatu si zambiri, ine uja ndimamudikirabe, akanabwera lero ndikanamuphikira tiyi.